Mpasa wa pa Dziwe la Achimwene

Chaka chimene Bua anachedwa kudzaza, ine ndinali kuno ku Doha, m'khitchini ya hotela, ndikupala mamba a nsomba za anthu ena. Njala ya chaka chimenecho sinandipotokole m'mimba. Inkandipeza pa foni, m'mavoisi a akazi anga ndi a achimwene anga, ndipo mpaka lero ndikaikumbuka mkamwa mumawawa.

Dzina langa ndine Levisoni. Kwathu ndi ku Nkhotakota, kumunsi kwa mtsinje wa Bua, pakati pa nkhalango ya boma ndi nyanja. Pobwera kuno ndinasiya akazi anga, amake Tadala, ndi ana athu awiri, Tadala ndi mng'ono wake Pempho. Khomo lathu limayang'anizana ndi la achimwene anga a Fanuel, munthu wa mtsinje kuyambira ubwana wake.

Novembala

Kuno Novembala ndi mwezi umene munthu amayamba kupuma bwino. Kutentha kumagwa, ndipo mabenchi a panja amayamba kukhalika. Tinkagona m'chipinda chothinana ku Umm Ghuwailina, mabedi osanjikiza, ndipo pansi pa bedi langa pankagona Daliso, mnzanga wa ku Katete ku Zambia, amene ankalondera mashopu ku Al Aziziya.

Ntchito imene anandilembera inali kutsuka mapoto, kukolopa ndi kutaya zinyalala. Koma shefu wa nsomba, Mfilipino wina dzina lake Ramil, ataona mmene ndinkagwirira mpeni anandikokera ku tebulo lake. Nsomba zinkabwera pa ndege, m'mabokosi oyera odzaza ayezi. Mwa izo munali ina yaitali, yonyezimira, ya mzere wofiirira m'nthiti, mnofu wake ngati papaya wakupsa. Ramil anati imeneyo ndi thirauti, ya mtundu umene azungu amati sitiluhedi. Iye anaphikapo ku Canada, pa nyumba ya alendo ya m'mbali mwa mtsinje, ndipo ankaikonda nkhani ya nsombayi.

"Izi tikutumbulazi n'zoweta, sizinaonepo mtsinje," anandiuza m'Chingerezi chathu cha m'khitchini. "Zenizeni zimabadwira kumtunda, pa timiyala, m'madzi ozizira. Tiana timabisala m'timifuleni ta mthunzi. Zikakula zimatsikira ku nyanja yamchere, kenako zimabwerera kukaikira mazira komwe zinabadwira. Madzi akachepa n'kutentha, zimaunjikana m'maiwe akuya kudikira mvula."

Anandionetsa pa foni nsomba ikukumba miyala ndi mchira. Ine ndinaika mpeni pansi. Zonse ankanenazo zinali za mpasa.

Mpasa ndi nsomba ya m'nyanja, koma nyanja si kwawo. Mvula ikagwa, Bua n'kufiira, umalowa pa matsiriro n'kuyamba kukwera. Sukwera mwachisawawa. Pa mchenga umangodutsa, suima. M'maiwe akuya umapuma. Ukapitirira thanthwe la kumtunda kwa mudzi wathu umakafika pa nsangalabwi, pamene madzi ndi oyera ndiponso othamanga, ndipo nyengo yozizira ikafika umaikira mazira pamenepo. Tiana take timakulira m'mbali mosaya, m'mabango, tisanatsikire ku nyanja. Munthu wodziwa amatha kukuuza mwezi pongoona pamene nsomba yafika.

Kumunsi kwa thanthwelo kuli dziwe lalikulu lomwe lili m'munsi mwa dimba la banja lathu. Bambo athu ndiwo ankaliyang'anira, ndipo atamwalira asodzi anzawo anasankha a Fanuel. Anthu ankangoti dziwe la a Fanuel, ngakhale madzi alibe mwini.

Lachisanu ndinawaimbira achimwene n'kuwafotokozera za Ramil.

"Ndiye azungunso ali ndi mpasa wawo?" anaseka. "Umakoma?"

"Sindinalawe, achimwene. Salola."

"Kupala nsomba tsiku lonse osailawa? Ndiye iwe ndi mpeniwo mukusiyana pati?"

Tinaseka tonse. Anandiuza kuti mvula yoyamba yagwa, amake Tadala abzala chimanga, koma chinangwa chimene timadalira kwathu chinaolera m'nthaka ndi madzi a chaka chathacho. Nkhokwe zinali zitapepuka kale. Palibe anachita mantha, poti mtsinje unalipo.

Disembala

Mvula inayamba bwino moti Bua anafiira, ndipo mpasa unalowa. Achimwene ananditumizira chithunzi cha nsomba imodzi itagona pa tsamba la nthochi, yaitali ngati mkono wawo. Anati gulu lalikulu lafika pa dziwe, likupuma, likudikira madzi ena kuti lidumphe thanthwe.

Madzi enawo sanabwere. Sabata ya Khirisimasi kumwamba kunayera. Mbozi za ntchemberezandonda zinalowa m'chimanga, ndipo amake Tadala ankathira mchenga ndi phulusa m'nsonga, phesi ndi phesi, mpaka msana kuuma. Kuhotela inali nyengo ya maphwando. Tinkatuluka mochedwa, manja atatuwa ndi sopo.

Januwale

Ku Doha kunabwera mphepo yozizira ya m'chipululu, ija imalowa ngakhale m'jekete. Kwathu kunali ng'amba. Chimanga chinapota masamba chisanamasule, ndipo mpunga wa m'madambo unaima pa nthaka yong'aluka. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, pa shopu ina ya ku Al Muntazah, koma imene inkagula thumba mu Novembala tsopano inkagula theka, ndipo thekalo linkadyedwa ndi makomo atatu: lathu, la achimwene, ndi la alamu anga a Joswa, mlongo wa akazi anga, amene amakhala kutsidya kwa mtsinje ndipo anali ndi ana asanu.

Mtsinje unaphwa mpaka thanthwe linauma pamwamba. Kumunsi nako mchenga unatseka njira, madzi n'kungotsala olekeza m'kakolo. Mpasa unatsekeredwa pa dziwe, sungakwere, sungabwerere. Masana dzuwa likalunjika, munthu woima pa gombe ankaona misana yakuda itandanda pansi pa madzi, mbali ya mthunzi wa mkuyu. Ana anjala ankakhala pamenepo n'kumaiyang'ana.

Apa ndi pamene nkhani inayambira. Amuna a midzi iwiri anapita kwa achimwene kukapempha kuti akokemo khoka kamodzi, agawane. A Fanuel anakana. Anati mbedza aliyense aponye, koma khoka ayi, neti ya udzudzu ayi, katupe woledzeretsa nsomba ayi. Vuto linali lakuti mpasa wotsekeredwa sudya nyambo. Munthu ankakhala tsiku lonse n'kubwerera ndi imodzi, kapena chimanjamanja.

Amake Tadala ananditumizira voisi, akulankhula motsitsa mawu kuti kutsidya kwa bwalo asamve.

"Bambo a Tadala, tayankhulani nawo achimwene anu. Anthu akutitukwana ife tonse. Kumjigo akazi akuti banja lanu likuweta nsomba ana athu akugona ndi njala. A Joswa dzulo aphika mango osapsa, ndiwo chakudya cha tsiku lonse. Inuyo mwina akumverani."

Ndinawaimbira pa nthawi ya buleki, nditaima kuseri kwa hotela pafupi ndi mabini.

"Achimwene, kukoka kamodzi kokha kungaononge chiyani?"

"Levi, udaiwala mtsinje? Chaka chabwino nsomba zimabalalika, zina pa dziwe, zina kumtunda, zina zikubwera. Ukakoka pamodzi, kwina zatsala. Chaka chino mpasa wonse wa Bua uli pamalo amodzi. Ndatumbula imene ndinagwira dzana, mazira okhaokha. Tikakoka, tadya sabata imodzi, kenako zaka zikubwerazi tidzakoka chiyani?"

"Koma ana a alamu..."

"Ndikuwaona ine anawo, iwe sukuwaona. Imene ndagwira ndimagawa pakati, theka limawoloka mtsinje. Mvula ikubwera. Adikire pang'ono, nsomba zidutse, zotsalira m'mbuyo tidzatchere mono ngati kale."

"Nanga ikapanda kubwera?"

Anangoti, "Tumiza ya chimanga, mphwanga. Za mtsinje undisiyire."

Nditadula foni ndinabwerera ku ntchito, ndipo ntchito yake inali kukhuthula zotsala za bufe ya masana. Lamulo la pamalopo linali lakuti chakudya chimene chakhala pa tebulo la alendo chitayidwe, ndipo pamwamba pa mabini panali kamera. Tsiku limenelo ndinataya thireyi yathunthu ya thirauti yowotcha, yongodyedwa pakona, ndi mpunga wokwana mudzi. Madzulo ndinauza Daliso.

"Ba Levi, musamaziyang'ana," anatero akuvula nsapato. "Muzitaya mutatseka maso. Kwathu ku Katete nakonso milisi yauma m'minda, chimanga kulibe. Manje tidzachita bwanji? Mukatenga kamutu kamodzi, mawa muli pa eyapoti, ndiye kunyumba adzadya chani?"

Ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake zinkandipweteka.

Febuluwale

Mwezi uno mavoisi anafupika. Munthu wanjala salankhula zambiri. Mango anatha. Gaga amene kale tinkapatsa nkhumba ankagulitsidwa pa mbale, ndipo ena anayamba kukumba zitsa za nthochi n'kumazisinja. Amake Tadala ankapita ku ganyu kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito, malipiro ake ufa wa tsikulo. Tadala anasiya kupita ku sukulu chifukwa ankachita chizungulire m'njira.

Mphekesera zinali zambiri. Ena ankati chimanga chaulere chafika ku boma koma akuluakulu akubisa. Ena ankati a Fanuel anagulitsa kale dziwe kwa mwini loji wina, n'chifukwa chake akuletsa anthu. Enanso ankati ine ndikuwatumizira ndalama zambiri za Aluya, ndiye njala sakuidziwa. Bodza limeneli linkafika mpaka kuno, pa gulu la pa foni la anthu a kwathu.

Chakumapeto kwa mweziwo kunamveka kuti ku depoti ya ku boma kwafika chimanga chotsikirako mtengo, koma munthu ayenera kukagona pa mzere. Ndinatumiza zimene ndinali nazo, ndipo achimwene anakwera njinga kupita kukagulira makomo onse atatu. Anasiya dziwe lopanda woliyang'ana.

Sizinachitike mobisa. Linali dzuwa la m'mawa, anthu akuona. A Joswa ndi amuna ena anabwera ndi mabotolo a mankhwala opopera mbewu amene anagula kwa venda wina pa msika. Katupe anati ndi wofooka pa madzi akuya choncho. Anathira kumutu kwa dziwe n'kuvundula ndi nsungwi.

Ine ndinaziona pa buleki ya masana. Wina anaponya vidiyo pa gulu lija. Dziwe lonse linali loyera ndi mimba za nsomba. Anthu anali m'madzi mpaka m'chiuno, amayi ndi zitenje, ana ndi mabeseni, kukuwa ndi kuseka ngati pa ukwati. Sunali mpasa wokha. Munali sanjika, mphuta, tinkhanu, achule, ngakhale tinsomba tosakwana chala. Vidiyo itatembenukira ku gombe ndinaona chitenje chimene ndinagula ndekha ku msika wa Souq ndisanapite ku holide yapitayo. Amake Tadala anali atasenza beseni, Pempho akuwatsatira atakumbatira nsomba yaikulu ngati mwana.

Ndinaimba, sanayankhe. Ndinalemba kuti asadye, ataye matumbo ndi mazira, asamwe madzi a mumtsinje. Uthengawo anauwerenga madzulo, atadya kale.

Tsiku limenelo midzi iwiri inakhuta. Kutacha anthu anayamba kusanza. Akuluakulu ambiri zinangowapotokola n'kuwasiya, koma ana amene mimba zawo zinali zopanda kanthu kwa masabata, amenenso anasambira m'madzimo tsiku lonse, zinawagwira koopsa. Pempho anayamba kunjenjemera ndi kutuluka thovu. Achimwene anafika ndi thumba la chimanga pa njinga n'kupeza dziwe likununkha, mudzi uli pa chipwirikiti. Anagwetsa thumba pa bwalo, anamangirira Pempho kumbuyo kwawo ndi chitenje, n'kupalasa kubwerera njira yomwe anachokera, mpaka ku chipatala.

Pempho anachira. Yamikani, mwana wachitatu wa a Joswa, mnzake wa Pempho wosewera naye, anamwalira ali m'njira, pa msana pa bambo ake.

Ndinapita kwa supavaiza kukapempha kuti ndipite ku maliro. Anandimvera ndithu, anati pepani, kenako anati livi yanga sinakwane, ndipo mwana wa mlamu sali m'gulu la achibale amene kampani imalolera. Anamaliza ndi mawu a Chiarabu oti basi, fulumira: "Khalasi, Levi, yala, alendo akudikira." Ndinabwerera ku sinki.

Za pa maliro anandifotokozera ndi Tadala, poti amayi ake sankafuna kuzikamba. Achimwene anapita, ananyamula nawo khasu kukakumba manda. Atafika pa siwa, akazi a a Joswa anadzuka pakati pa amayi n'kuwaloza.

"Mwabwera kudzaona ntchito yanu? Mukanalola khoka mu Januwale, mankhwala akanawafuna ndani? Nsomba zanuzo zakuberekerani ana angati? Wanga ndi uyu wagona apayu!"

Palibe anawaletsa. Amuna amene anathira nawo mankhwala anali pomwepo, maso pansi. A Joswa anali atakhala patsinde pa mtengo ngati munthu wopanda mafupa, ndipo ndani akanaloza chala bambo amene akuika mwana wake? Mlandu unafuna pogona, ndipo unagona pa a Fanuel. Anatsamiritsa khasu pa khoma n'kuwoloka mtsinje kubwerera kwawo, maliro asanatuluke.

Malichi

Mvula inabwera masiku ochepa chabe maliro atachitika. Inagwa usana ndi usiku, Bua anasefukira, anakwirira thanthwe mpaka osaoneka, anakokolola dimba lathu ndi chimanga chochepa chimene amake Tadala ankathirira ndi ndowa. Madzi amene achimwene ankawadikira anafika, okwana kukweza nsomba iliyonse mpaka m'nkhalango. Anangotsuka mafupa pa dziwe.

Kuno unali mwezi wa Ramadani. Masana mzinda unkagona, madzulo hotela inkadzaza, ndipo mabokosi a thirauti ankabwera owirikiza. Ramil anandifunsa tsiku lina tikutumbula, "Nsomba zako zija zinadutsa?"

Ndinamuuza zonse. Anapitiriza kudula. Kenako anati ku mtsinje umene ankagwirako ntchito nsomba sizinkabwera ulendo umodzi, zina zinkachedwa n'kulowa ndi madzi a pambuyo. "Mwina kwanunso zilipo zochedwa."

Ndinawafunsa achimwene. Anati zilipo, zochepa, zaonekera ku matsiriro. Koma asodzi anali atakumana n'kuwachotsa pa udindo, ndipo amene analowa m'malo mwawo sankaletsa kanthu. Kumunsi anthu anamanga mipanda ya mabango kuchoka gombe lino mpaka linalo, mono pa mono, osasiya mpata pakati monga tinkachitira kale. Kumbuyo kwa mipandayo kunali maneti a udzudzu.

"Ndikawauze chiyani?" anatero. "Ndikatsegula pakamwa akuti wakupha mwana uja wayambanso."

Meyi

Zokolola zinali zomvetsa manyazi. Munda umene unkadzaza ngolo unatulutsa zitsononkho zokwana madengu ochepa, njere zake zotalikirana ngati mano a nkhalamba. Komabe mtengo unatsikako, mbatata zinayamba kupezeka, ndipo Tadala anabwerera ku sukulu. Anthu anayamba kunena za njalayo ngati chinthu chakale.

Pa bwalo lathu sinathe. Amake Tadala ndi achimwene sankalankhulana. Makomo oyang'anizana, koma moto sankapalana, ndipo ana ankauzidwa kuti asamapite uko. Akazi anga ankati sangayang'ane munthu amene banja la mlongo wawo likumuyesa wakupha mwana wawo. Achimwene ankati alibe nawo chifukwa, koma moni wawo sankayankhidwa, ndiye anasiya kupereka.

Lachisanu lina ndinakhala pa masitepe a nyumba yathu ya ku Umm Ghuwailina n'kufunsa funso limene ndinkalizemba.

"Amake Tadala, munkadziwa kuti a Joswa akukathira mankhwala tsiku limene lija?"

Anapuma mozama. "Ndinkadziwa."

"Ndipo munawasiya achimwene apite ku depoti."

"Ndinawasiya. Ndinawapatsanso botolo la madzi a m'njira." Kenako anapitiriza, "Bambo a Tadala, inu munkamva njala pa foni. Ine Pempho ankandidzutsa n'kumandifunsa ngati kwacha kuti tidye. Nsomba zili apo, akuziona ndi maso. Mukanakhala inu mukanamuuza chiyani? Kuti dikira zaka zikubwerazi?"

"Anatsala pang'ono kufa."

"Ndikudziwa. Ndinali naye ine. Ndipo amene anamupulumutsa ndi achimwene anu, ndikudziwanso. N'chifukwa chake sinditha kuwayang'ana. Mukuganiza kuti ndi chidani?"

Ndinkafuna munthu woti ndimukwiyire ndi mtima wonse, ndipo aliyense amene ndinkamugwira ankandipulumuka. A Joswa anali ataika mwana. Akazi anga anadyetsa ana anga. Achimwene ananena zoona, ndipo zoona zawozo sizinaphike kanthu pa khomo la munthu. Venda wa mankhwala anali atasamukira msika wina. Mkwiyo unangotsala mwa ine, ndikupita nawo ku shifiti ndi kubwera nawo.

Julayi

Ku Doha Julayi ndi moto. Ukatuluka panja magalasi a foni amachita nthunzi, ndipo malaya amanyowa usanafike pa basi. Kwathu ndi nyengo ya chisanu, pamene madzi a Bua amayera ndipo mpasa umakhala pa nsangalabwi.

Achimwene anayenda wapansi kutsata mtsinje, kuchoka pa dziwe, kudutsa thanthwe, mpaka ku malire a nkhalango. Analowanso m'timifuleni tiwiri timene bambo ankatitengerako tili ana. Ankanditumizira mavoisi ali m'njira, akupuma mwabefu, kumbuyo kukumveka madzi.

"Pano ndi paja tinkaona zikukumba. Miyala yake yakwiririka ndi matope a chigumula. Palibe."

Patapita nthawi, ina. "Ndafika pa mkuyu wopendama. Miyala ili bwino, yoyera. Ndakhala ndithu. Ndaona ziwiri. Mwina zitatu, ina ndinangoona mthunzi."

Yomaliza inali yaifupi. "M'mabango mulibe tiana. Ndikubwerera."

Ogasiti

Anandiimbira okha, pa vidiyo, chinthu chimene sankachita chifukwa cha bandulo. Ndinali ndikudikira basi ya shifiti ya masana, nditabisala pa mthunzi wa shopu ya Mnepali. Anali atakhala pa khonde, atameta, atavala malaya a ku tchalitchi pakati pa sabata. Nkhope inali itagwa. Ndinazindikira kuti ndevu zawo zayamba imvi.

Anafunsa za ntchito, za kutentha, za Daliso. Anandiuza kuti bwato agulitsa kwa munthu wa ku matsiriro, ndipo mbedza ndi mono apatsa mwana wa mlongo wathu. Kenako anakhosomola.

"Levi, ndimati ndikufunse. Ma ejenti aja anakutengawa akadalembabe anthu?"

"Amalemba, achimwene."

"Ine ntchito sindisankha. Kulondera, kusesa, kutsuka mapoto ngati iweyo. Nsomba ndiye ndimatumbula kuposa iwe, ukudziwa." Anayesa kuseka. "Pano sipakukhalika, mphwanga. Ndikadutsa pa mjigo anthu amasiya kulankhula. Kumeneko amatenga anthu a msinkhu wanga?"

Yankho ndinkalidziwa. Ndinaonapo amuna ocheperapo kwa iwo akubwezedwa pa zaka zokha, asanafike n'komwe kwa dokotala. Ndinayang'ana kumsewu ngati ndikuona basi.

"Ndifunsa, achimwene. Pali wina ku Al Muntazah amadziwana ndi ma ejenti. Ndikamuona Lachisanu, inshala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mmene ankandiyang'anira ndili mwana ndikanama kuti nyambo yadyedwa ndi nkhanu.

"Usavutike," anatero. "Ndamva kale."

Basi inafika, dalaivala analiza hutala, ndipo ndinakwera foni ili m'manja, itazima.

Sabata yotsatira Tadala anandiuza kuti atate ake aakulu akwera lole ya anthu opita kukadula nzimbe ku Dwangwa, ndi kachikwama kamodzi. Asananyamuke anaima pakati pa bwalo n'kutsanzika mokweza, kuti khomo lathu limve. Amake Tadala anali m'nyumba. Tadala akuti anawaona ataima kuseri kwa chitseko, dzanja lili pa chogwirira, mpaka lole inanyamuka.